Zimene ndaphunzira polondola mbiri ya gulu la ndege zankhondo la 303

M'chigawo chino cha maphunziro a mbiri ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse tinapemphedwa kusankha gulu limodzi la asilikali lomwe linathetsedwa kale, ndi kulondola mbiri yake kuyambira tsiku lokhazikitsidwa kufikira tsiku lothetsedwa. Ndinasankha gulu la ndege zankhondo la nambala 303, la anthu a ku Poland omwe ankamenya nkhondo pansi pa ulamuliro wa Royal Air Force ya dziko la Britain. Gululi linakhazikitsidwa pa 2 Ogasiti 1940 pa bwalo la ndege la Northolt, kumadzulo kwa London, ndipo linathetsedwa mu Disembala 1946. Linakhalapo zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, koma pafupifupi aliyense wolikamba amangotchula masabata asanu ndi limodzi a m'chaka cha 1940, pa nkhondo ya m'mlengalenga yoteteza Britain ku ndege za Germany (Battle of Britain), ndi nambala imodzi, 126, yomwe ndi chiwerengero cha ndege za Germany zimene gululi linanena kuti lagwetsa. Ntchito yanga yaikulu yakhala kufufuza chimene chili kuseri kwa nambala imeneyi, ndi kuwerenga zaka zotsalazo mosamala monga momwe ena amawerengera masabata otchukawo.

Choyamba chofunika kuchimvetsa ndi chakuti anthuwa sanafike ku Britain ali ophunzira. Ambiri anali atadutsa pa sukulu ya oyendetsa ndege ya ku Dęblin, yomwe inali yovuta kulowa ndiponso yovuta kumaliza, ndipo mu Sepitembala 1939 anali atalimbana ndi ndege za Germany ali m'ndege za mtundu wa PZL P.11, zomwe zinali zachikale ndi zochepa liwiro poyerekeza ndi za adani awo. Dziko lawo litalandidwa, ambiri anathawa kudzera ku Romania ndi Hungary mpaka kukafika ku France, ndipo France itagonja mu Juni 1940 anawolokanso nyanja. Ngakhale dzina la gululi linali ndi mbiri yake: linatchedwa dzina la Tadeusz Kościuszko, ngwazi yakale ya ku Poland, ndipo linatengera chizindikiro cha gulu lakale lomwe linayambitsidwa mu 1919 ndi anthu odzipereka ochokera ku America, kuphatikizapo Merian C. Cooper, amene anamenya nkhondo ku mbali ya Poland polimbana ndi Soviet Russia.

Akuluakulu a Royal Air Force sanafulumire kuwakhulupirira, ndipo ndikaunika bwino ndikuona kuti kukayika kwawo kunali ndi mbali yomveka ndi mbali yosamveka. Mbali yomveka inali ya kayendetsedwe ka ntchito. Chitetezo cha m'mlengalenga cha Britain chinkadalira radar, chipangizo chodziwira ndege zikadali patali, ndi anthu okhala pansi omwe ankauza oyendetsa ndege pa wailesi komwe adani ali, kutalika kwake ndi njira yolowera, kotero munthu wosamva Chingerezi akanatha kusokoneza dongosolo lonse. Liwiro linkawerengedwa m'mamailosi pamene iwo anazolowera makilomita, mafuta ankayezedwa m'magaloni m'malo mwa malita, ndipo chogwirira chowonjezerera mphamvu ya injini chinkakankhidwira kutsogolo pamene m'ndege zomwe anaphunzirira chinkakokedwa. Matayala a Hawker Hurricane, ndege yomwe gululi linapatsidwa, ankapindikira m'mapiko, ndipo panali ena amene anatera ataiwala kuwatsitsa. N'chifukwa chake anthu omwe anali ataonapo kale nkhondo anaikidwa pa njinga za matayala atatu zomangiriridwa wailesi, kuti azolowere kumva malamulo ndi kuyenda mogwirizana. Mbali yosamveka inali maganizo akuti popeza Poland inagonja m'masabata ochepa ndiye kuti asilikali ake anali osadziwa ntchito. Amenewa anali maganizo olakwika, ndipo anachedwetsa anthu aluso pa nthawi yomwe Britain inkasowa kwambiri oyendetsa ndege.

Poyamba udindo uliwonse unali ndi anthu awiri. Ronald Kellett wa ku Britain ankatsogolera gululi limodzi ndi Zdzisław Krasnodębski wa ku Poland, ndipo pansi pawo panali John Kent wa ku Canada ndi Athol Forbes. Pa 30 Ogasiti, gululi likuchita zoyeserera chabe, Ludwik Paszkiewicz anaona ndege za adani, anapatuka pa mzere n'kugwetsa imodzi. Tsiku lotsatira gululi linaloledwa kulowa m'nkhondo. Pa 6 Sepitembala Krasnodębski anapsa koopsa ndege yake itawomberedwa, ndipo Witold Urbanowicz analowa m'malo mwake. Paszkiewicz anaphedwa pa 27 Sepitembala, patangopita tsiku limodzi Mfumu George VI itayendera gululi. Josef František, yemwe anali wa ku Czechoslovakia koma anasankha kukhala ndi anzake a ku Poland, anawerengeredwa ndege 17 asanafe pa ngozi pa 8 Okutobala. Pa 11 Okutobala gululi linasamutsidwira ku Leconfield kuti likapume.

Tsopano nambala ija. Pano ndi pamene ndakhalitsa kwambiri, chifukwa ndi pamene wophunzira mbiri amayesedwa. Chiwerengero cha 126 chinachokera m'malipoti omwe oyendetsa ndege ankapereka atangotera, ndipo anavomerezedwa ndi akuluakulu a nthawiyo. Koma nkhondo ya m'mlengalenga imachitika m'kamphindi, ndege zambirimbiri zikupingasana pa liwiro la makilomita mazanamazana pa ola. Munthu amawombera, amaona utsi ukutuluka, ndiye ayenera kutembenuka msanga chifukwa mdani wina ali kumbuyo kwake. Anthu awiri kapena atatu akhoza kuwombera ndege imodzi, aliyense n'kukanena moona mtima kuti waigwetsa ndi iye. Injini ya ndege yothawa imatulutsa utsi wakuda ikapatsidwa mphamvu zonse, ndipo woiona akhoza kuganiza kuti yayaka. Ndege yowonongeka ikhoza kutsika ngati ikugwa, kenako n'kuwongoka ndi kukafika ku France. Vutoli silinali la gulu la 303 lokha. Pa 15 Sepitembala 1940 Britain inalengeza kuti yagwetsa ndege 185, pamene zolemba za Germany zomwe zinawerengedwa nkhondo itatha zinasonyeza kuti zinali pafupifupi 60. Nawonso a ku Germany ankakweza ziwerengero zawo mofananamo.

Ofufuza amene anayerekeza malipoti a gulu la 303 ndi zolemba za Germany anapeza ziwerengero zotsika, wina 44, ena pakati pa 50 ndi 60. Ena amamva zimenezi ngati kunyoza anthu omwe anafa, koma ine sindikuona choncho. Muyeso womwewo ukagwiritsidwa ntchito pa magulu onse, gulu la 303 limakhalabe pakati pa magulu ochepa omwe anachita bwino koposa, ngakhale linalowa m'nkhondo yoteteza Britain ija patatha pafupifupi miyezi iwiri itayamba, ndipo linkayendetsa Hurricane osati Spitfire yomwe inali yaliwiro kwambiri. Nambala yoyesedwa imeneyi ndi imene ndikhoza kuiteteza pamaso pa wotsutsa aliyense, pamene 126 imagwa munthu akangotsegula zolemba za mbali inayo. Ndaphunzira kulemba kuti gululi "linanena kuti lagwetsa" pamene umboni ndi lipoti la woyendetsa ndege yekha, ndi kusunga mawu akuti "linagwetsa" pa malo omwe mbali ziwiri zikugwirizana.

Funso lothandiza kuposa la nambala ndi lakuti chinawapambanitsa n'chiyani. Nkhani zambiri zimati anali olusa chifukwa cha chidani, ndipo n'zoona kuti anali ndi zifukwa zokwiyira, koma mkwiyo suphunzitsa munthu kuwombera. Mfuti zisanu ndi zitatu za Hurricane zinali ndi zipolopolo zazing'ono zomwe zinkatha m'masekondi pafupifupi 15, ndipo zinkawononga kwambiri munthu akawombera ali pafupi. Anthu a ku Poland anazolowera kuyandikira kwambiri asanawombere, chifukwa ndege zawo zakale zinali ndi mfuti zochepa ndipo sizinkalola kutaya zipolopolo patali. Anazoloweranso kuuluka motalikirana, aliyense akuyang'ana kumwamba ndi kumbuyo, pamene malamulo a Britain a nthawiyo ankafuna ndege zitatu zothithikana, zomwe zinkachititsa awiri kumangoyang'ana phiko la mtsogoleri poopa kugundana. Chimene ena ankachiona ngati kusasamala chinali luso lomwe analiphunzira mowawa ku Poland ndi ku France.

Palinso amakaniko, omwe ndikuona kuti mbiri yawachitira mosalungama. Nawonso anali a ku Poland, anayenda ulendo womwewo wothawa, ndipo ankagwira ntchito usiku kutseka mabowo a zipolopolo, kukonza mainjini ndi kudzaza mfuti kuti m'mawa ndege zikhale zokonzeka. Buku la tsiku ndi tsiku la gululi, lomwe limasungidwa ku National Archives ku Kew, limalemba woyendetsa ndege, nambala ya ndege yake ndi nthawi yonyamuka ndi yotera, koma silinapangidwe kuti lilembe amene anagona pansi pa ndegeyo ndi sipanala. Mbiri yolembedwa pamanja yomwe anayambitsa Mirosław Ferić, mmodzi wa oyendetsa ndege amene anafa mu Febuluwale 1942, imasungidwa ku Polish Institute and Sikorski Museum ku London.

Zaka zapakati ndizidutsa mwachidule. Mu Januwale 1941 gululi linabwerera ku Northolt ndi kuyamba kuyendetsa Spitfire, ndipo ntchito inasintha kuchoka pa kuteteza London n'kukhala kuperekeza ndege zoponya mabomba ku France, komwe wogwetsedwa ankafa kapena kugwidwa ukaidi. Linamenya nawo nkhondo ya ku Dieppe, ku gombe la France, pa 19 Ogasiti 1942 motsogozedwa ndi Jan Zumbach, ndipo mu 1945 linalandira ndege za Mustang.

Mathero ake ndi amene andikhudza kwambiri. Pa msonkhano wa ku Yalta mu Febuluwale 1945 zinaonekeratu kuti Poland ikhala m'manja mwa Soviet Union, ndipo mu Julayi chaka chomwecho Britain inasiya kuzindikira boma la Poland lomwe linali ku London, lomwe asilikaliwa analumbira kulitumikira. Pa perete wa chipambano wa pa 8 Juni 1946, pomwe ngakhale asilikali a King's African Rifles anaguba nawo m'misewu ya London, magulu a nkhondo a Poland omwe anamenya nkhondo pansi pa Britain sanaitanidwe. Oyendetsa ndege ochepa okha ndi amene anaitanidwa, ndipo anakana kupita popanda anzawo a pamtunda ndi a panyanja. Miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake gulu la 303 linathetsedwa pa bwalo la Hethel ku Norfolk.

Kubwerera kwawo kunali koopsa. Stanisław Skalski, yemwe sanali wa gulu la 303 koma anali mmodzi wa oyendetsa ndege otchuka a ku Poland, anabwerera, anamangidwa mu 1948, anaweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu wabodza wa ukazitape, ndipo anatulutsidwa mu 1956. Ambiri anakhala ku Britain, komwe lamulo la Polish Resettlement Act la 1947 linawatsegulira njira yokhazikika, ndipo mu 1948 chipilala chokumbukira anzawo amene anafa chinatsegulidwa pafupi ndi Northolt. Urbanowicz anakakhala ku United States. Krasnodębski anapita ku South Africa, kenako ku Canada. Zumbach anatsata njira yovuta kuiyamikira: anakhala msilikali waganyu, woyendetsa ndege ku Katanga m'dziko la Congo mu 1962 ndi ku Biafra m'dziko la Nigeria mu 1967. Mu lipoti langa ndaika zimenezi m'mutu womwewo ndi nkhondo ya ku Dieppe, popeza ndi munthu mmodzimodzi, ndipo wowerenga wa kuno ku Africa ali ndi chifukwa chodziwira zonse ziwiri.