Sabata yoyeza nkhokwe ya m'phiri

Lolemba ndinadzuka kusanache n'kuyamba kupaka phula chipaipi chathu choyezera sinowo (chipale chofewa) m'mapiri. N'chipaipi cha aluminiyamu cholumikiza zidutswazidutswa, ndipo kunsonga kwake kuli mano ngati a sowo. Ukachita ulesi osachipaka, sinowo amamatirira m'kati, ndiye kuphiri kuja umangokhalira kuchigogoda manja atachita dzanzi. Ndimagwira ntchito yoyeza madzi kubungwe lina kuno ku California, m'dziko la America, ndipo sabata yothera Malichi ndiyo imatilemetsa, chifukwa kuyambira kale pa 1 Epulo ndi pomwe amati sinowo wa m'mapiri a Sierra Nevada wafika pachimake. Zomwe tingapeze sabata imeneyi n'zomwe alimi a ku chigwa chachikulu cha Central Valley ndi akuluakulu a mizinda adalire mpaka dzinja lina.

Amayi kumudzi ku Mulanje sanamvetsebe ntchito yangayi. Nthawi ina anandifunsa pafoni kuti, "Iwe, sukulu yonse ija kuti uzikayeza matalala?" Ndinawauza kuti, "Amayi, kuno m'chilimwe mvula sigwa ngakhale dontho. Phiri ndiye nkhokwe yawo. Limasunga madzi ali ouma, n'kumawatapa pang'onopang'ono kukayamba kutentha." Mawu oti nkhokwe ndi omwe anawagwira mtima. Ndipo sindinaname: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi omwe California imagwiritsa ntchito limachokera m'sinowo ameneyu.

Tinakwera ndi msewu wa Highway 50, n'kudutsa pa Phillips Station. Pamalopa m'pomwe pa 1 Epulo 2015 bwanamkubwa wa California wa nthawi imeneyo, Jerry Brown, anaima pa udzu wouma, pomwe pamayenera kukhala sinowo wofika m'khosi. Chaka chimenecho m'mapiri monse munali 5 peresenti yokha ya mlingo wa masiku onse, ndipo analamula mizinda kuti ichepetse madzi ndi 25 peresenti. Mkulu wa gulu lathu, bambo amene wakalambira m'mapiriwa, sadutsa pamenepa osaloza. Ife timangoti inde ngati tikumva koyamba.

Kayezedwe kake n'kosavuta kufotokoza. Umazika chipaipi chija mpaka chigunde pansi, n'kuchizula, n'kusuzumira kunsonga. Ngati palibe dothi kapena timasamba ta paini, ndiye kuti sunafike pansi, bwereza. Kenako umachipachika pa sikelo yam'manja. Kuya kwa sinowo sikutikhudza kwenikweni, chomwe tikufuna n'kulemera kwake, poti sinowo wofika m'chiuno akhoza kukhala wa mphepo yokhayokha, pomwe wina wofika m'mawondo ali wothinana ngati nsima ya dzulo. Chipaipichi anachipanga mwanzeru moti aunsi imodzi pa sikelo ikuimira inchi imodzi ya madzi. Amene anayambitsa njira imeneyi ndi James Church, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 paphiri la Mount Rose, ndipo chimandiseketsa n'chakuti iyeyu anali mphunzitsi wa Chilatini pa yunivesite ya Nevada ku Reno. Lero kuli makina okwiriridwa pansi omwe amatumiza kulemera kwa sinowo okha, kuli ndege zoyeza ndi kuwala kwa makina otchedwa laser, koma malo oposa 260 amayezedwabe ndi anthu oyenda pansi.

Lachiwiri ndilo linandisautsa. Tinali pamalo otsikirapo, m'nkhalango yomwe inapsa ndi moto wa Caldor mu 2021. Mitengo yangotsala zitsa zakuda zoima njo, mthunzi palibe. Makala amayoyokera pa sinowo n'kumudetsa, ndipo chinthu chakuda chimamwa dzuwa. Chipaipi chimangolowa ngati m'phala. Pakati pake tinagunda chikhakha cholimba cha madzi oundana, chizindikiro choti m'nyengo yozizira munagwa mvula pamwamba pa sinowo. Mkulu uja anapukusa mutu n'kunena kuti pomwe ankayamba ntchito, pamtunda ngati uwu mvula mu Januwale inali nkhani yokambirana kunyumba.

Apa m'pomwe pagona nkhani yonse, ndipo anthu ambiri amaiphonya. Amaganiza kuti kusintha kwa nyengo n'kuchepa kwa madzi basi. Ayi. Chaka chikhoza kubweretsa madzi okwanira bwinobwino, koma kukatentha pang'ono, omwe akanagwa ngati sinowo amagwa ngati mvula, n'kuthamangira kumunsi mu Januwale kapena Febuluwale. Wina anganene kuti si pali madamu? Alipo, koma damu ngati la Folsom pa mtsinje wa American lili pamwamba pa mzinda wa Sacramento, ndipo malamulo amafuna kuti m'nyengo yamvula lisiye malo opanda kanthu kuopa kusefukira. Ndiye madzi obwera msanga amawatsegulira apite kunyanja. Kufika Julaye, alimi a mtedza wa amondi ndi tomato akuwafuna, phiri lili mbee. Mu Febuluwale 2017 damu la Oroville linadzaza, ngalande yake yotayira madzi n'kugumuka, anthu oposa 180,000 anasamutsidwa mwadzidzidzi. Ine wakwathu ku Mulanje sindifuna wondiphunzitsa zomwe phiri limachita likatulutsa madzi onse nthawi imodzi. Tinakula tikumva za napolo wa ku Phalombe mu 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatikumbutsa.

Lachitatu tinapita kumtunda kwenikweni, ulendo wa tsiku lonse pa maski, timatabwa tomanga kumapazi totsetserekera pa sinowo. Ine maski ndinaphunzira ndili wamkulu kale, choncho ndimagwa kawirikawiri, anzanga anasiya n'kuseka komwe. Kumeneko sinowo anali wouma, wozizira, wakuya moti tinalumikiza zidutswa zonse za chipaipi. Mtima unakhala pansi pang'ono. Koma malo okwera chonchi ndi ochepa. Mbali yaikulu ya mapiri akumpoto kwa Sierra ndi yotsikirapo, ndipo kumeneko n'komwe mzere wa sinowo, malire a pomwe sinowo amayambira, ukukwera chaka ndi chaka.

Lachinayi mphepo inatiletsa kutuluka. Tinakhala m'kanyumba n'kumakonza mabuku ndi kuyanika masokosi.

Lachisanu ndinali mu ofesi kumunsi, kulowetsa manambala mu kompyuta. Kumeneku n'komwe mikangano imayambira. Kale zinali zophweka: sinowo wochuluka chonchi amapereka madzi ochuluka chonchi mumtsinje, poyerekeza ndi zaka makumi angapo zapitazo. Chaka cha 2021 chinatichititsa manyazi tonse a ntchito imeneyi. Sinowo analipo ndithu, wochepa koma osati woopsa, ndipo aliyense ankayembekezera kuti madamu alandirako. Madziwo sanafike. Dothi linali louma ndi chilala cha chaka chapitacho moti linamwa lokha, ena n'kuuluka ndi kutentha. Kuyambira pamenepo, ndikamva munthu akunena motsimikiza kuti mtsinje wakuti ubweretsa madzi akuti, ndimayamba ndamufunsa za chinyezi cha m'dothi. Kenako kunabwera 2023, sinowo n'kufika 237 peresenti ya mlingo wa masiku onse, nyanja ya Tulare yomwe inauma kalekale n'kubwerera pa minda ya anthu. Mnzanga wina wachinyamata amati tingotaya zolemba zakale zonse poti nyengo yake inapita. Ine sindigwirizana naye. Popanda mabuku a anthu omwe ankakwera mapiriwa ndi chipaipi chomwechi agogo athu asanabadwe, tikanadziwa bwanji kuti zinthu zasintha?

Masana foni inalira. Anali mlimi wina wa kumunsi amene amaimba chaka chilichonse sabata ngati ino, kufuna kumva ngati abzale munda wonse kapena asiye mbali ina igone. Sindiloledwa kumuuza manambala asanatuluke, ndipo iye amadziwa zimenezo. Anangofunsa kuti nsapato zanga zinanyowa pa mtunda wanji. Ndinamuuza kuti Lachiwiri ndinabwerako ndi matope.

Loweruka ndinatsuka chipaipi, n'kuchiika m'thumba lake podikira ulendo wa kumayambiriro kwa Meyi. Madzulo ndinaimbira amayi. Anandiuza kuti chimanga chayamba kuuma, mtsinje wa Likhubula ukadali wodzaza, kenako anafunsa kuti, "Nanga nkhokwe yanu ija mwaipeza bwanji?" Ndinati kumwamba kuliko ndithu, koma pansi payamba kale kudontha.