Tsiku limene amayi anatuluka kanema asanathe

Kunyumba kwathu ku Senga Bay kuli kanema mmodzi amene sitimutchula pa nthawi ya chakudya. Si wolaula ayi, ndipo mulibe zokhetsana magazi. Ndi uja wa William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene anapanga magetsi a mphepo. Tsiku limene tinamuonera, mwana wa mlongo wanga anaseka mpaka misozi, mkazi wanga analira mwakachetechete, ndipo amayi anadzuka pamkeka n'kutuluka osatsanzika. Ine ndinangotsala ndi rimoti m'manja.

Ndiyambe ndafotokoza kumene ndinaphunzirira kuonera mafilimu, chifukwa munthu aliyense ali ndi kumene anaphunzirira.

Ine ndinakulira m'vidiyo ya kugombe. Mpanda wa bango, denga la mapepala akuda, mabenchi a matabwa osapala, kawailesi kakanema kali pamwamba pa tebulo, deki pansi pake, jenereta ikulira kuseri. Sipika ankaimangirira panja pamtengo kuti kulira kwa mfuti kuzimveka mpaka kumene anthu akuyanika usipa pa thandala. Ana a masiku ano sadziwa kuti dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999 pamene TVM inayamba, ndipo ngakhale itayamba, kwathu kuno nyumba zokhala ndi TV zinali zowerengeka. Choncho kanema wathu anali yemweyo wa m'bango. Mwezi ukawala, usipa subwera ku nyali, ndiye alovi sankalowa m'madzi. Mwera ukavuta cha mu Juni ndi Julaye, chimodzimodzi. Masiku amenewo muvidiyo munkadzaza moti mpweya unkangonunkha nsomba, thukuta ndi palafini. Ife ana tinkalipira ndi tindalama topeza pothandiza kutsuka nsomba, ndipo zikavuta tinkangosuzumira pa mpata wa bango mpaka mwini vidiyo atatiwaza madzi.

Chingerezi sitinkamva, komabe tinkadziwa bwino lomwe filimu yabwino ndi yoipa. Lamulo linali lodziwika. Ekitala ayambe wavutika, amenyedwe, amuphere m'bale wake, apite kukaphunzira nkhonya kwa nkhalamba ina, kenako pamapeto akumane ndi mkulu wa zigawenga, awiriwiri, popanda wolanditsa. Jean-Claude Van Damme akatambasula miyendo muja ankachitiramu, benchi yonse inkaimirira. Chuck Norris, Jet Li, Bruce Lee, amenewa anali ngati abale athu. Filimu yoti anthu angokhala pampando n'kumayankhulana inkatha mphindi khumi zokha, kenako wina kumbuyo ankayamba: "Sinthani tepi! Tabwera kudzamvera msonkhano ngati?"

Koma imene inkadedwa koposa ndi ija yoti ekitala wafa pamapeto. Ndikukumbuka tsiku lina anthu anatsala pang'ono kugwetsa mpanda, akufuna ndalama zawo. Panthawiyo ndinkaona ngati ndi umbuli chabe. Ndakula tsopano, ndimaganiza mosiyana. Amene ankakhala pamabenchi paja anali anthu oti chaka chilichonse ankaika maliro a mnzawo amene bwato linamutembenukira, munthu wabwinobwino, wosalakwira aliyense. Zoti munthu wabwino amafa ankazidziwa kale, nyanja inawaphunzitsa ulere. Ndalama yawo ankalipira kuti kwa maola awiri aone zinthu zikutha bwino. Ekitala safa, ankatero, ndipo sankanena moseka.

Amayi anga muvidiyo sankalowamo, ankati ndi malo a anyamata osamva. Iwo mafilimu anawapeza mochedwa, nthawi imene a ku Nigeria anasefukira pa ma CD ndipo mlamu wanga anagula DVD. Apa ndiye anagwa m'chikondi. Apongozi ankhanza, mwana wamasiye wozunzidwa, mkazi wosabereka akunyozedwa, sing'anga, abusa akupemphera mpaka mfiti kuulula. Gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu, onsewo ankawatsata. Patience Ozokwor, amene nthawi zambiri ankasewera ngati mpongozi woipa mtima, amayi ankamuda ngati anawalanda munda. "Mfiti iwe, Mulungu akukuona!" Akatero, mawa lake ankafunsanso ngati pali ina ya mayi yemweyo. Ndinazindikira kuti chidani china ndi chokoma, munthu amachita kuchifunafuna. Za ku India ankazikonda atsikana chifukwa cha nyimbo ndi zovala, pamene ife tinkadandaula kuti anthu akuvina pamene amayenera kumenyana.

Mwana wa mlongo wanga uja anabadwa mu 2005, ndipo iye anakula nthawi ya mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Amene simunaonerepo, zimakhala chonchi: mnyamata mmodzi amatenga filimu ya ku China, ku Korea kapena ku India, n'kumayankhula pamwamba pake mawu a anthu onse, amuna ndi akazi omwe. Amawapatsa maina akwathu kuno. Msilikali wa lupanga wa zaka mazana ambiri zapitazo amatha kunena kuti "Aise, lero uona polekera," kapena kudandaula za ngongole ya pagolosale, mwina kunyoza mnzake kuti ndi wa Bullets kapena wa Wanderers. Pakati pa nkhondo womasulirayo amalengeza dzina lake ndi kupereka moni kwa anzake. Nthawi zambiri nkhani imene akunena si imene eni filimu analemba. Palibe amene amadandaula. Mnyamata wathuyu amatha kukhala maola anayi maso ali pa foni, akuseka yekha.

Tsono tibwere ku tsiku lija. The Boy Who Harnessed the Wind anatuluka pa Netflix mu Malichi 2019, koma kwathu anafika monga amafikira makanema onse, pa fulashi yochokera kwa anyamata obena pa Kamuzu Road. Ndinaitana banja lonse monyadira. Ndinawauza kuti uyu ndi wathu, anajambulidwa ku Kasungu konkuno, ndipo akuyankhula Chichewa.

Poyamba zinayenda bwino. Minda, njinga, nyumba za zidina, Gule Wamkulu pamaliro, zonse zodziwika. Kenako bambo a William anatsegula pakamwa. Amene amasewera gawo limeneli ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso anatsogolera kanemayu, munthu wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria. William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Mayi ake ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Chichewa anachita kuphunzira chifukwa cha kanemayu, ndipo chimamveka choncho. Mawu ake ndi athu ndithu, koma kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu n'kachilendo, ngati munthu wavala malaya ako koma mabatani wamanga mosemphanitsa. Pena tinkachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa pansi kuti timve zimene akunena m'chiyankhulo chathu chomwe.

Mnyamata uja anagwa nako kuseka. "Amalume, bwezani pamenepo! Akuti chiyani?" Ndinabweza. Nanenso ndinaseka, sindinama. Lily Banda, amene amasewera ngati mlongo wake wa William, akayankhula, makutu ankapumako, chifukwa uyo ndi Mmalawi.

Taganizani. Mnyamata yemweyu amalola Mtchaina wa lupanga kuyankhula za Bullets, koma sanathe kukhululukira munthu amene anakhala pansi miyezi ndithu kuphunzira Chichewa. Poyamba zinkandidabwitsa, koma si zodabwitsa. Filimu ya ku China ilibe chake chilichonse choti ingaononge. Sadziwa kuti Atchaina amapatsana moni bwanji, ndiye chilichonse chimene aona amangovomera. Koma mu kanema wa ku Kasungu muja munali chinthu chimene iye ndi katswiri wake kuposa Ejiofor, kuposa onse a Netflix. Munthu akakhala katswiri sachitira mwina, khutu limangogwira cholakwika. Ndi chimodzimodzi mlovi akaona munthu pa kanema wagwira nkhafi mokhota, nkhani yonse imathera pomwepo. Anzanga a kunja amene ndimacheza nawo pa Facebook anauona kanemayu ngati nkhani yogwira mtima ya bambo ndi mwana wake. Iwo Chichewa chija chinkangowamvekera ngati nyimbo.

Ndili ndi dandaulo langa pa nkhaniyi, ndipo sindinalisinthe: akanatha kupeza Amalawi ambiri oti atenge magawo akuluakulu. Ndikudziwa yankho lake, kuti kanema wodula amagulitsidwa ndi nkhope yodziwika, ndipo popanda Ejiofor mwina sakanajambulidwa n'komwe. Ndimalimva yankholo koma silindikhutitsa. Tikuferanji wa Michael Usi, Manganya uja, sankajambulidwa ndi makamera apamwamba, koma amayi sankaphonya, chifukwa anthu a mmenemo akakalipa ankakalipa ngati aneba athu.

Mkazi wanga sanaseke nafe. Iye ndi mphunzitsi, ndipo chimene chinamugwira ndi pamene William akuthamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, n'kumazemba kuti alowe mulaibulale. Anati nkhope imeneyo amaidziwa, anaionapo pa ana amene anawaphunzitsa ku pulayimale, anakhoza bwino, kenako n'kuwapeza akugulitsa mandasi padepoti. Atafika pamenepo, akuti, sankamvanso kuti Chichewa chikukhota. Ndinamuuza kuti kanemayu anasintha zinthu zina, kuti makina oyamba amene William anamanga ndi zitsulo zotola, njinga ya bambo ake ndi mitengo ya bulugama anali oyatsa mababu m'nyumba, zopopa madzi zinabwera pambuyo pake. Anangondiyang'ana. "Ndiye mwapindula chiyani, abambo?"

Amayi anatuluka pamene njala inafika. Banja lija litayamba kudya kamodzi patsiku, ndinamva mkeka ukukwekwesa. Ndinaganiza kuti apita kuseri, koma sanabwerenso. Ndinawapeza pakhonde mumdima, akusenda chinangwa chimene sichinkafunika mpaka mawa.

"Amayi, simukumalizitsa? Kutsogoloku zikhala bwino."

"Ndinaonera kale ameneyo," anatero.

Njala ya 2001 mpaka 2002 inavuta kwambiri kuno ku Salima monganso ku Kasungu. Boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Ife a kunyanja tinkapulumukirako pa nsomba, koma kwawo kwa amayi ndi kumtunda, cha ku Khombedza. Anthu ankadya madeya, ena zitsa za nthochi. Ankatsika kunyanja atanyamula mbale, mipando, ngakhale malata, kudzasinthitsa ndi chakudya cha tsiku limodzi. Mng'ono wawo wa amayi anafika kwathu wapansi ndi ana atatu, ndipo pobwerera anabwerera ndi awiri. Ine ndinali mnyamata, ndinkangodziwa kuti nsima yachepa. Amene ankagawa nsimayo, n'kumasankha kuti mtanda waukulu upite kwa yani, anali amayi.

Ndinawafunsa ngati Chichewa chija chinawasokoneza. Anadabwa. Sanachimve n'komwe kuti n'chokhota. Anati ankangoyang'ana maso a mayi uja, ndipo anafunsa kuti kodi mayiyo ndi wa ku Kasungu komweko. Nditawauza kuti ndi wa kunja, anapukusa mutu. "Ndiye anamuuza ndani?"

Apa mpamene ndinasokonezeka. Mnyamata uja ankati kanemayu ndi wabodza, amayi ankati ndi woona mopitirira muyezo, ndipo onse awiri sakufuna kumuoneranso. Ndinakumbuka alovi aja ofuna ndalama zawo. Amayi amatha kuonera mwana wamasiye wa ku Lagos akuzunzidwa magawo atatu osaphethira, chifukwa amadziwa kuti abusa akubwera, ndiponso Lagos ndi kutali. Njala ija kunalibe m'busa amene anaithetsa, inangotha yokha chimanga chitacha, itatenga amene inawatenga.

Ine ndinamuoneranso ndekha patapita miyezi, usiku, mawu nditatsitsa. Ulendo umenewu sindinaseke. Pena khutu linkagwirabe, koma ndinapeza kuti ndikumukonda bambo uja, munthu wouma mutu, wokana kupereka njinga yake chifukwa ndi chokhacho chimene chamutsalira. Anandikumbutsa malemu bambo anga ndi ukonde wawo wong'ambikang'ambika umene sankalola munthu kuukhudza. Mnyamata uja mpaka lero akafuna kutiseketsa amatengera mayankhulidwe a Ejiofor, ndipo amatha ndithu. Amangoonetsetsa kuti agogo ake palibe.

Chaka chatha, tsiku lina magetsi atangoyaka, amayi anandifunsa mwadzidzidzi, ngati tinali pakati pa nkhaniyo.

"Kodi mnyamata wa ku Kasungu uja zinamuthera bwanji?"

Ndinawauza kuti makina aja anazungulira, madzi anatuluka, ndipo William weniweniyo alipo, anakaphunzira mpaka ku America, ku Dartmouth College, kumene anamaliza mu 2014.

"Nanga a m'nyumba mwake? Anapulumuka onse?"

"Onse, amayi. Anafa ndi galu yekha."

Anakhala chete kanthawi, akupukuta manja pa chitenje.

"Galu yekha. Anali ndi mwayi anthu amenewo." Kenako analoza TV ndi chibwano. "Tandiikirani wa ku Nigeria uja, wa mpongozi woipa. Ndinalekezera gawo lachiwiri."