Ulendo wa ku Cholmondeley, dzina lomwe linandipinda lilime

Loweruka lapitali ndinakwera sitima ku Manchester n'kukatsikira ku Crewe, komwe alamu anga ankandidikira ndi galimoto. Ulendo unali wa ku Cholmondeley, kamudzi ka ku England, m'chigawo cha Cheshire kufupi ndi tauni ya Malpas. Titasokera, ndinatsitsa galasi n'kufunsa agogo ena omwe ankayenda ndi galu wawo. Dzinalo ndinalitchula monga timawerengera kwathu, chilembo chilichonse n'kuchipatsa ulemu wake: Cho-li-mo-nde-le-yi. Agogowo anaseka chikhakhali. Eni ake amangoti "Chumley", basi, zilembo zinazo n'kumeza.

Dzinali ndi la malo komanso la banja, ndipo odziwika nalo ndi ochepa zedi. Kale Angelezi analibe mayina osiyirana m'banja. Mwambowu unafala William wa ku Normandy atalanda dzikolo mu 1066, pomwe eni minda anayamba kutchedwa ndi dzina la malo awo. Malo awa anali a munthu wina dzina lake Ceolmund, ndipo kachidutswa ka kumapeto kwa dzinalo, "ley", kamatanthauza pamalo polambula m'nkhalango. Sizikusiyana ndi kwathu, komwe mudzi umangotchedwa kwa uje mpaka mwini wake kuiwalika.

Chomwe chinanditsitsimula mtima n'chakuti m'kaundula wa malo ndi minda ya ku England wotchedwa Domesday, wa mu 1086, analemba kuti Calmundelei. Ndiye ndinawauza alamuwo kuti, "Alamu, mwaona? Ine ndi amene ndatchula ngati makolo awo, osati agogo aja." Iwo anangopukusa mutu.

Chinyumba cha banjali chili pakaphiri, ndipo chinamangidwa kuyambira mu 1801 mpaka 1804. Chimaoneka ngati linga la nkhondo, koma kunali kudzionetsera chabe. Palibe anaponyerapo muvi. Alendo saloledwa kulowamo, timangozungulira m'minda ya maluwa ndi m'mbali mwa nyanja yake. Ine chinandigwira mtima ndi katchalitchi ka St Nicholas, komwe chiyambi chake ndi cha m'zaka za m'ma 1200.

Banjali si la masewera. David Cholmondeley anali Lord Great Chamberlain, mkulu woyang'anira miyambo yachifumu ku Nyumba ya Malamulo, kuyambira mu 1990 mpaka 2022, ndipo ankaoneka pafupi ndi Mfumukazi Elizabeth potsegulira Nyumba ya Malamulo.

Mvula itayamba kuwaza tinathawira pomwera tiyi. Mtsikana wogulitsayo ataona khadi langa anayesa kuwerenga dzina la bambo anga, n'kukakamira pa "ng'". Ndinamusiya avutike kaye pang'ono.