Mlamba wathu wapeza nyumba pa Nchalo

Loweruka lapitali tatsegula kashopu kathu pa Nchalo. Tinayamba mu 2019, madzi a namondwe wa Idai atangophwa, ndi dengu limodzi la mlamba wowamba wa asodzi a ku Elephant Marsh, cha ku Bangula. Mpamba wake unali wa banki m'khonde. Makasitomala a ku Blantyre tinawapeza pa Facebook ndi WhatsApp, katundu n'kumakwera minibasi kudzera pa Thabwa.

Namondwe wa Freddy anationongera zambiri mu 2023, koma chomwe chinatsala pang'ono kutigwetsa ndi katoni imodzi yomwe inafika ku Blantyre nsomba zitaola. Wotigulitsa anaziphula pamoto zisanaume, n'kuzibisa pansi pa zouma (mukudzidziwa nokha bambo, kwa inu sitidzagulanso). Ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, usiku umodzi unakwanira. Ine ndinalakwa posafufuza dengulo mpaka pansi, ndipo mayi amene anagulawo anayenera kudandaula. Koma sanandiimbire. Anaika chithunzi cha nsombazo pa Facebook, pambali pake nkhope yanga, ati ndine wakuba.

Pofika madzulo nkhani inali m'magulu a WhatsApp. Anthu oti sanagulepo kwa ine ngakhale mutu wa mlamba ndi amene ankatukwana kwambiri. Wina anakumba chithunzi cha mwana wanga atavala yunifolomu yasukulu. Ena anatembenukira tonse a kuno, ati anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi auve. Mwanayo analakwanji? Ndalama ndinabweza tsiku lomwelo, ndinapepesa, mayiwo anafufuta zomwe analemba, koma anthu anali atazijambula kale. Kupepesa kwangako palibe anakutumiza kwa mnzake. Foni inangoti zii, ndipo wina amene anandikongoza ndalama anafika pakhomo tsiku lobweza lisanakwane.

Ena anandiuza za lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, loletsa kuzunza munthu pa intaneti. Kupolisi sindinapite, ndikanasumira angati? Wogula adandaule ndithu, ndalama ndi zake. Koma inu ongoona chithunzi, musanachitumize kwina dzifunseni ngati katoni ya nsomba ikulingana ndi kuyalutsa banja lonse.

Zikomo amayi anga pondikakamiza kubwerera kumsika, zikomo amuna anga, alamu anga amene ankanyamula madengu panjinga, amayi a banki m'khonde amene anandidikira, amayi abusa, asodzi athu okhulupirika, madalaivala ndi makondakitala, komanso makasitomala amene munapitiriza kuitanitsa nkhani ili mkamwamkamwa.

Pano tikuwamba tokha, ndipo nsomba iliyonse ndimaigwira ndi dzanja langa isanalowe m'katoni. Tili ndi mlamba waukulu ndi wapakati, wa pakhomo ndi wa oda. Ku Blantyre timatumiza Lachiwiri ndi Lachisanu, mumalipira pa Mpamba kapena Airtel Money. Mukapeza vuto ndiimbireni kaye, ndalama yanu ibwerera.