Kukonzekera chiperoni m'munsi mwa phiri la Mulanje

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, ife okhala ku Chitakale timayamba kutchera maso kumwera chakum'mawa, chifukwa ndi kumene kumachokera chiperoni, mphepo yozizira yobwera ndi nkhungu komanso mvula yowaza, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ikafika, phiri lathu lonse, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limabisika kwa masiku angapo, minda ya tiyi imangoti mbuu, ndipo chovala chimene mwayanika Lolemba chimafika Lachitatu chikadali chonyowa. Kuzizira kwa kuno kumayenda ndi chinyontho, choncho kuunjika mabulangete pabedi sikukwanira ngati nyumbayo simunaikonze.

Ine ndimayambira kudenga. Kwa zaka ziwiri ndinkaitana mmisiri kuti adzamate mabowo a misomali ndi phula, poganiza kuti malata akudontha, chifukwa m'bandakucha uliwonse wa mu Juni ndi Julayi madzi ankagwera pabulangete la ana. Pambuyo pake ndinazindikira kuti madziwo sankachokera kunja, koma unali mpweya wofunda umene timapuma tokha usiku, umene ukakhudza malata ozizira umasanduka madontho. Mankhwala ake ndi siling'i, koma poona mtengo wa mabolodi, tinangogula mphasa zinayi n'kuzikhomera kunsi kwa mitanda ya kuchipinda kwa ana. Sizokongola, ndipo mlendo akasuzumira amayamba wakweza maso, koma chipindacho chinasiya kudontha ndipo chimafunda kuposa pabalaza.

Zotsalazo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Magalasi a malovasi amene anasweka m'dzinja timabwezeretsa, ming'alu ya m'mbali mwa mafelemu timaimata ndi simenti, pansi pa chitseko timaikapo thumba lopindapinda, ndipo makatani opyapyala timawasinthanitsa ndi okhuthala a pakaunjika. Mabedi timawasuntha pang'ono kuti asagunde khoma, pamene pansi timayalapo mkeka, popeza simenti ya m'mawa imalasa mapazi mpaka m'mafupa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinalakwitsa chaka chatha, ndipo ndimachitabe manyazi ndikachikumbukira. Pofuna kuti kamphepo kasapeze polowera, ndinatseka ndi nyuzipepala timabowo tonse todutsira mpweya tapamwamba pa mazenera, kenako usiku wina wozizira kwambiri ndinalowetsa mbaula pabalaza kuti tiwothe. Makalawo anali atayaka bwino, opanda utsi ngakhale pang'ono, moti ndinkadziona ngati ndachita zanzeru. Pasanathe nthawi yaitali mutu unayamba kundiwawa ngati wamangidwa ndi chingwe, mwana wathu wamng'ono anayamba kuwodzera msanga mosiyana ndi masiku onse, ndipo mayi a kunyumba atadzuka kuti akatenge madzi anachita chizungulire n'kugwira khoma. Amene anatipulumutsa ndi apongozi anga, omwe anatulukira kuchokera kukhitchini, n'kutsekula chitseko chonse, n'kutulutsa mbaulayo pakhonde asanalankhule ndi munthu. Atatero ndi pamene anandifunsa modekha ngati kwathu anandiphunzitsa kugoneka moto m'nyumba yotseka.

Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino umene thupi limadalira. Choopsa chake n'chakuti munthu amangomva kufooka ndi tulo, choncho amene wagona kale sadzidzimuka n'komwe. M'mawa mwake ndinachotsa nyuzipepala zonse zija, ndipo pochita zimenezi ndinapezanso kuti kuseri kwa kabati khoma linali litachita chuku, nsapato zanga za kutchalitchi zitasanduka zobiriwira, chifukwa chinyontho chinalibe potulukira.

Chaka chino mbaula tikuwothera pakhonde, ndipo ana akamakagona timawaikira kumapazi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'chitenje. Nkhuni za bulugama ndaziwaza kale n'kuzisanja pansi pa denga la khitchini, pamene mabulangete onse tinachapa sabata yatha dzuwa likadalipo. Chatsala ndi galasi limodzi la zenera la kubafa, limene ndikukagula Loweruka ku Limbe.