Tsiku la 28 la makyubu anga a konkire linathera pa windo la ofesi ya ndalama

Dzulo ndapereka lipoti la pulojekiti yanga ya chaka chomaliza, ndiye mtima wakhala pansi tsopano. Ndikulembera inu a uinjiniya wa zomangamanga amene mukubwera m'mbuyomu, makamaka amene mwasankha mutu wokhudza konkire.

Ine ndinkafufuza ngati phulusa la mankhusu a mpunga lingalowe m'malo mwa gawo lina la simenti. Mankhusuwo anandibweretsera malume kuchokera ku Nkhotakota, matumba awiri. Kuwotcha kwake si kwa pamtetete. Pamafunika kutentha kwa madigiri 600 mpaka 700 kuti phulusa lituluke lotuwa. Likatuluka lakuda ndiye kuti makala atsalira, ndipo limamwa madzi kwambiri. Langa loyamba linali lakuda bii, ndinataya lonse.

Koma ndisanapite patali, mverani ichi: tsiku lomwe mukuumba makyubu (timabuloko ta konkire tomwe timaphwanyidwa ndi makina poyeza mphamvu ya konkireyo), tsiku lomwelo lembetsani tsiku lokawaphwanya, lipirani ndalama ya labu yonse, lisiti likhale m'manja mwanu lodindidwa kale. Musanene kuti masiku 28 ndi ambiri.

Ndinali ndi mitundu inayi ya konkire: wopanda phulusa, kenako wa 10, 15 ndi 20 peresenti. Mtundu uliwonse umafuna makyubu atatu ophwanya pa tsiku la 7 chiwaumbireni ndi atatu pa tsiku la 28, onse pamodzi 24. Zikombole za mamilimita 150 zomwe ndinapatsidwa zinali zisanu ndi chimodzi zokha, motero ndinaumba masiku anayi osiyana. Zikombole muzipake oyilo, muthire konkire magawo atatu, gawo lililonse mutsendere ndi chitsulo ka 35. Mukachita ulesi potsendera mudzaona mabowo ngati zisa za njuchi mukamachotsa chikombole. Slump, yomwe ndi muyeso wa kufewa kwa konkire wamuwisi, musaiwale kuyeza musanathire, ndipo mulembe pompo m'kope, osati m'mutu.

Musaumbe Lachisanu. Zikombole zimachotsedwa pakatha maola 24, ndipo Loweruka labu imakhala yokiya. Ubwino wake ndi woti 7 ndi 28 amagwera tsiku lomwe munaumbira: mukaumba Lachiwiri mudzaphwanya Lachiwiri. Ingoyang'anani pa kalendala kuti lisagwere pa holide, monga pa 14 May kapena pa 6 July.

Tsopano nkhani yomwe inandiwawa. Makyubu a tsiku la 7 ndinaphwanya bwinobwino, nditalipira ku banki ndi kuonetsa kapepala kake. Palibe anandiuza kuti ndalama imeneyo inali ya ulendo umodzi wokha. Tsiku la 28 la makyubu oyamba, aja opanda phulusa, ndinalawira m'mamawa. Ndinawavuula m'thanki ya madzi momwe makyubu amamizidwa podikira tsiku lophwanya, kuwapukuta, kuwayeza kulemera, n'kuwaika pa wilibala. Bambo oyang'anira labu atafika anangondifunsa kuti, "Lisiti la lero lili kuti, achimwene?" Ndinawaonetsa lakale lija. Anapukusa mutu: "Ili linatha ntchito. Popanda lisiti lodinda sindingayatse makina, andifunsa ine." Sindiwaimba mlandu, amatsata zomwe anauzidwa.

Ndinathamangira ku banki, mzere wake wofika panja. Pobwera nthawi inali itakwana 11 koloko. Ku ofesi ya ndalama mayi a pa windo anati sisitimu yagwa, ndidikire. Ndinakhala pa benchi paja mpaka nkhomaliro. Itabwerera sisitimu, analemba lisiti, koma anati mwini chidindo ali ku msonkhano ndipo chidindo anakiyira mu drowa. Ndinawachonderera: "Mayi, chonde, makyubu anga akwana masiku 28 lero, mawa zotsatira sizikhalanso zomwezo." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Miyala siwola, mwana wanga. Mubwere mawa." Mawu amenewo mpaka lero amandipweteka, chifukwa ntchito ya miyezi inayi inaima pa chidindo chimodzi chokhala mu drowa. N'chifukwa chiyani ofesi yonse ikhale ndi munthu mmodzi wololedwa kudinda?

Nditabwerera ku labu cha m'ma 3 koloko ndinapeza makyubu aja auma mbee pa wilibala, poti ndinaiwala kuwabwezera m'madzi chifukwa cha phuma. Kyubu imayenera kuphwanyidwa ikadali yonyowa, itangovuulidwa, chifukwa youma imaonetsa mphamvu yoposa yeniyeni. Ndinawamizanso. Mawa lake chidindo chinapezeka, koma magetsi anathima tsiku lonse ndipo makina ophwanyira sayenda popanda magetsi. Ndinaphwanya pa tsiku la 30. Ndipo awa ndiwo makyubu oyerekezera ena onse! Konkire amapitiriza kulimba akadutsa masiku 28, ngakhale pang'onopang'ono, ndiye aliyense wowerenga akhoza kufunsa ngati kusiyana komwe ndinapeza n'kwa phulusa kapena kwa masiku awiri owonjezerawo.

Ndaiwala za mchenga, zomwe zimayenera kubwera koyambirira. Wa kudambo umene ndinagula poyamba unali ndi dothi lambiri. Thirani mchenga m'botolo loonekera mkati, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani, musiye maola atatu. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga, mzere wake woonekeratu. Ndinasintha n'kugula wa mumtsinje. Mchenga ndi miyala ya kwale mugule zokwanira ntchito yonse kamodzi, ndipo simenti ikhale ya mtundu umodzi. Musasakanize ya 32.5 ndi ya 42.5 poti thumba latha pakati. Thumba limodzi la makilogalamu 50 linandikwanira, koma muliike pa thabwa, osati pansi.

China: lembani makyubu anu ndi penti yosafufutika, tsiku ndi mtundu wake. M'thanki mumakhala makyubu a anthu ambiri ndipo onse amafanana. Choko chimachoka m'madzi.

Pophwanya, kyubu muigoneke cham'mbali kuti makina apanikize mbali zosalala zomwe zinakhudza chikombole, osati pamwamba pomwe munasalaza ndi tirawo. Nambala ya makilonyutoni yomwe makina aonetsa muisinthe kukhala manyutoni n'kugawa ndi 22,500, kukula kwa nkhope ya kyubu (150 kuchulukitsa ndi 150), kuti mupeze mphamvu ya konkire. Jambulani sikirini ya makina ndi foni nthawi yomweyo.

Aphunzitsi ondiyang'anira nditawafotokozera anati ndilembe zoona, tsiku la 30 likhale tsiku la 30, ndifotokoze chifukwa chake mu lipoti. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti ndingolemba 28, palibe angadziwe. Ndinakana, ndipo ndikuthokoza kuti ndinakana, chifukwa tsiku loteteza pulojekiti mmodzi wa oyesa anali ndi buku la labu patebulo, momwe mumalembedwa tsiku lililonse lomwe makina agwira ntchito. Anandifunsa za masiku awiriwo, ndinayankha, anagwedeza mutu n'kupita ku funso lina.

Mitundu itatu yotsalayo ndinalipiriratu yonse pamodzi tsiku lomwe chidindo chinapezeka lija, malisiti n'kuwachita fotokope, imodzi kusiya ku labu, imodzi m'chikwama. Inunso lipirani ndi kudinditsa tsiku loumba, ndipo mufunse momveka kuti lisitilo likukwanira maulendo angati. Makyubu musawavuule m'thanki mpaka mutamva makina akulira.