Kaunjika wa ku Area 25

Kunyumba kwathu ku Area 25 kulibe wantchito. Wophika ndi ine, wochapa ndi ine, wokolopa ndi ine, ndipo 8 koloko ikamakwana ndiyenera kukhala nditakhala pa desiki ku Old Town ndikuwerengera ndalama za eni ake. Malipiro anga ndikachotsapo lendi, fizi ya ana awiri, thumba la makala ndi ya minibasi, zotsalazo ngakhale mphaka sangavomere kugwirira mbewa. Anzanga amati, "Iwe, tangotenga kamtsikana kumudzi." Ndinakana. Mwana wa mwini azikwecha mapoto anga pamene anga ali m'kalasi? Ayi ndithu.

Bambo a anawa amathandiza, ndisawanamizire. Amatunga madzi, amasita malaya awo okha, ndipo mbale akatsuka amayembekezera kuti mpingo wonse umve.

Vuto ndi kuchapa. Madzi a pampopi kwathu ali ndi khalidwe la kadzidzi, amatuluka m'ma 2 koloko usiku, kukamacha apita. Ndiye kuchapa ndinakusiyira Loweruka. Koma Loweruka mu Lilongwe muno si lako. Ngati si ukwati ndi chinkhoswe, ngati si chinkhoswe ndi maliro, ndipo ukajomba kumaliro anthu amalemba mumtima, tsiku lako likadzafika adzakusiya uphike wekha nsima ya adzukulu. Maloweruka atatu otsatizana anapita choncho. Zovala zakuda zinaunjikana pakona kuchipinda mpaka ana anazipatsa dzina lakuti phiri la Bunda. Wamng'onoyo ankakwera pamwamba n'kumatsetsereka.

Pa 14 October, dzuwa likuswa mtengo, foni inalira ndili ku ofesi.

"Nabanda, ndafika. Ndili pa depoti pano."

Apongozi anga. Kuchokera ku Dedza. Ndinawayankha mwaulemu wonse, mawondo akugwada okha pansi pa desiki, kenako ndinaimbira mwana wawo.

"Amayi ali pa depoti. Mukudziwapo kanthu?"

"Eya, ndinawaitana adzadye nafe Tsiku la Anakubala mawa. Ndinakuuzatu."

"Munandiuza liti?"

Anakhala chete pang'ono. "Mwina ndinakuuza mumtima."

Muyenera kuwadziwa mayi amenewa. Pabwalo pawo amasesa kusanache, ndipo mizere ya tsache imakhala yowongoka ngati ajambula ndi rula. Mapoto awo ndi a nthawi ya Kamuzu, koma ukhoza kudziyang'anirapo nkhope podzola mafuta. Sakalipa, satukwana. Amangodutsitsa chala pawindo, n'kuchiyang'ana, n'kukuyang'ana iwe, n'kunena kuti, "Fumbi la m'tauni ndi lambiri eti." Basi, sabata yonse sugona.

Ndinauza bwana kuti kwagwa zadzidzidzi, ndipo silinali bodza. Ndinauza bambo a anawa kuti akawatenge amayi koma adzere njira yaitali, awagulire Fanta, awaonetse nyumba ya malamulo, chilichonse. Ine ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, siketi ndaigwira ndi dzanja limodzi, dzanja linalo ndapanira chikwama, pakamwa ndikupemphera.

Mphindi 40 zimenezo ndinagwira ntchito ya mwezi. Kusesa, kukolopa, kupukuta mawindo ndi nyuzipepala, kuthamangitsa akangaude amene anali atayamba kale kulipira lendi. Linatsala phiri la Bunda. Ndinatenga chikwama chachikulu chija cha mizeremizere, chimene amayi a geni amanyamulira katundu, n'kuyamba kupakira. Mayunifolomu, masokosi, mabulauzi anga a kuntchito, mathalauza, zamkati za banja lonse. Ndikutembenuka ndinaona poto amene ndinapserezamo nyemba Lamulungu, ali chinyikire kuseri kwa chitseko, akununkha ngati dzala. Nthawi yomukwecha panalibe. Ndinakhuthula madziwo, ndinamukulunga m'chitenje chakale, n'kumukankhira pansi penipeni pa chikwama. Ndinakhalira pamwamba kuti zipi itseke. Chikwamacho ndinachiika kuchipinda kwathu, podziwa kuti mpongozi wolemekezeka salowa kuchipinda kwa mwana wake wokwatira. Mwambo wathu sunandikomerepo ngati tsiku limenelo.

Anafika ndi thumba la mbatata ya kachewere ndi nkhuku yamoyo. Anakhala pampando, anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi. Chala chinadutsa pawindo. Chinabwerako choyera.

"Nabanda, nyumba mumaisamala. Munthu wa pantchito, wopanda wokuthandizani, koma ngakhale kansanza kakuda sindikukaona."

"Timangoyesetsa, amayi," ndinatero, maso pansi, mtima ukuvina chimtali.

Tsiku la Anakubala linayenda bwino. Nkhuku ija inatha. Masana ndinathamangira kumsika kukawagulira za paulendo: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira, chitenje chatsopano ndi tizovala tingapo ta pakaunjika toti akagawire adzukulu. Zonsezi ndinalongedza m'chikwama china cha mizeremizere. Zikwamazi ndinagula ziwiri tsiku limodzi kwa munthu mmodzi, chifukwa ananditsitsira mtengo. Ndinachiikanso kuchipinda. Apa ndi pamene nzeru zanga zinathera.

M'mawa mwake ndinatsanzika n'kulawirira kuntchito. Ndinangoti, "Chikwama cha amayi chili kuchipinda," ndipo bambo a anawa anati, "Osadandaula."

Loweruka, 2 koloko usiku, mpopi unayamba kutsokomola. Ndinadzuka ndi mphamvu zonse, beseni apa, sopo apa, lero Bunda agwa. Ndinakokera chikwama panja, ndikudabwa kupepuka kwake. Ndinatsegula zipi. Shuga. Ndinapisa dzanja. Mafuta ophikira. Chitenje chatsopano chikadali ndi pepala lake.

Ndinakhala pansi pakhonde kaye, madzi akusefukira mu ndowa. Kenako ndinapita kukawagwedeza.

"Amayi munawapatsa chikwama chiti?"

"Cholemeracho."

"Chifukwa chiyani cholemeracho?"

"Ndimati mkazi wanga ndi wopatsa. Kondakitala anachita kulipiritsa mpando wake."

Nditawafotokozera anaseka mpaka anagwa pabedi. Anaseka mpaka mwana anadzuka. Ine tulo sitinabwerenso. Ndinkangoona zamkati zanga, zina zake lasitiki inapuma kalekale, zikuyenda pa msewu wa M1, kudutsa Nathenje, kudutsa Linthipe, zitakhala pampando wolipira.

Kutacha ndinaimba, mawu akunjenjemera.

"Nabanda! Ndimati ndikuimbireni, koma mayunitsi. Zikomo kwambiri, mwana wanga. Katundu yense uja! Mudzi wonse wavala."

"Mwa... mwagawa, amayi?"

"Nanga ine ndinagawa? Ndikupereka moni kwa anthu, azilamu anu anali atatsegula kale. Aliyense watenga chomukwana. Thalauza lakuda lija atenga amalume ake a mwamuna wanuyo, akuti azivala kumsonkhano kwa amfumu. Bulauzi ya maluwa yapita kwa mayi wa kwaya. Jezi yofiira ija watenga mnyamata woweta mbuzi."

Foni inali pa sipika. Jezi yofiira inali ya Bullets, imene bambo a anawa amavala timu yawo ikamasewera, ndipo salola kuti ichapidwe ndi zovala zina. Kuseka kunathera pomwepo. Mnyamata wa mbuziyo, tinamva pambuyo pake, ndi wa Manoma.

"Koma kaunjika wa masiku ano," apongozi anapitiriza, "akumagulitsa osachapa? Fungo lake ntchentche zinachita kubwera kuchokera ku Mozambique."

Ndinaona kakhomo kothawira. "Ndi mmene akuchitira amalondawa, amayi. Ulesi."

"Eetu. Ulesi." Anakhala chete, ndipo ndinamva chala chija chikudutsa pawindo la mtima wanga. "Mpaka akumaikamo ndi poto wa nyemba zopserera."

Sindinayankhe. Ndikanati chiyani?

"Ndamukwecha ndi mchenga ndi phulusa, wayera. Mayunifolomu ndinawalanda, chifukwa dzina la mdzukulu wanga pakolala ndimatha kuliwerenga. Ndachapa, ndasita, ndipatsira kondakitala mawa. Tina tija tosatchula pafoni ndinatibisa anthu asanatione, ndatichapanso, tili m'pepala lakuda. Koma Nabanda, tina mwa ito n'tofunika kungotaya."

"Zikomo, amayi."

"Zinazo musaziyembekezere. Chimene munthu walandira ndi manja awiri sungakamulande."

Lolemba ana anapita kusukulu ndi mayunifolomu osita bwino kuposa kale lonse, mizere yakuthwa ngati mpeni, moti aphunzitsi anafunsa ngati tapeza wantchito. Ine ndinapita ku ofesi ndi suti ya chitenje imene ndinasoketsa pa ukwati wa msuweni wanga, ndipo sabata yonse anthu ankandifunsa kuti mwambowo uli kuti. Shuga ndi mafuta zija tinatumiza ndi kondakitala yemweyo, amene tsopano amandipatsa moni akumwetulira mopitirira muyeso.

Pa Khrisimasi tinapita ku Dedza. Kutchalitchi, kwaya itaimirira, bulauzi yanga ya maluwa inali kutsogolo ikutsogolera nyimbo, ndipo kunena zoona inkamukhala mayiyo kuposa ine. Potuluka anandigwira dzanja. "Mlamu, muli ndi diso la kaunjika inu. Mukadzapitanso mudzandisankhire siketi yake." Siketi yake ndinali nditavala ine.

Masana apongozi anaphika nyemba. Anabwera nazo m'poto wonyezimira ngati galasi, n'kumuika patsogolo panga penipeni. Ndinamuzindikira ndi chogwirira chake chopindika.

"Amayi, poto uyu tinyamule pobwerera?"

"Musiyeni kaye," anatero akundipakulira. "Akupuma."